A Musataye ndi Phiri la Kuseri kwa Mpanda

Pa anthu onse amene ndinawametapo, a Musataye okha ndi amene ankadziwa zimene ndadya dzulo ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Sanali amatsenga. Ankafufuza m'mabini athu.

Osati chifukwa cha njala, ayi ndithu. Mkuluyu anagwira ntchito yophika kuhotela mpaka kupuma, ndipo kukhitchini kwawo kunkanunkhira moti enafe tinkangomeza malovu tili kwathu. Ankafufuza kuti aone chimene tataya. Akapeza chakudya chodyeka, ankachibweza kwa mwini wake, pakhomo penipeni, ndi mawu oti ngakhale a msewu wachiwiri amve bwinobwino. Dzina lawo lenileni linalipo. Tinadzaliona litalembedwa pabokosi tsiku la maliro, ndipo ena anayamba kunong'onezana kuti kodi tabwera pamaliro olondola.

Msewu wathu ndi waufupi ndipo suthera pabwino. Nyumba ya a Musataye inali yomaliza, yoyandikana ndi yanga, pamene ndimametera anthu pakhonde. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mpanda wa waya, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali phiri. Anthu ena amanyadira mapiri amene Mulungu analenga. Lathuli tinalenga tokha, mothandizana ndi tauni yonse. Ndi mtaya wa zinyalala. Akuti pamene a Musataye ankamanga nyumba, mtayawo unali kadzenje kakutali kochita kuloza ndi chala. Mmene ine ndinkasamukira kuno, akhwangwala ake anali atayamba kutera padenga lawo ngati alendi.

Fungo silinali vuto lalikulu. Fungo munthu umalizolowera, mpaka ukapita kwina umadabwa kuti mpweya wakuno bwanji ndi wosakolera. Vuto linali utsi. Chakudya chikakwiririka pansi pa majumbo ndi zinyalala zina, chimaola mobanika n'kumatulutsa mpweya woyaka. Kunja kukatentha, phiri lija limayaka lokha m'kati, moto osaoneka, utsi wokhawokha kwa masabata. Tsono akazi a Musataye, amene tonse tinkawatchula kuti amayi a kumapeto, anali ndi mphumu. Utsi ukayamba, ndinkamva chifuwa chawo chikulira ndili pakhonde panga. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, ankaimba foni kawirikawiri kuti abwera adzawatenge. Amayiwo ankakanitsitsa. Njerwa za nyumba ija anasenza okha pamutu, ndipo ankati sangakakhale mlendo m'nyumba ya mkamwini. Ndiye amuna awo anaganiza kuti poti amayi sakuchoka, phiri ndilo lisiye kukula. Nkhalamba imodzi, wilibala imodzi, kulimbana ndi phiri.

Lole ya zinyalala imabwera Lachinayi, ikakumbukira. Ife tinkatulutsa mabini Lachitatu madzulo. Kukangocha, tisanasukusule, tinkamva gudumu la wilibala likulira kwii, kwii, ndipo aliyense ankayamba kukumbukira machimo ake.

Woyamba kulawa anali anamwino, tsiku limene kunyumba kwawo kunagona apongozi awo aakazi.

“Odi kuno! Anamwino!”

“Eee, ndani m'mawa ngati uno?”

“Ndine. Ndabweza wodwala wanu. Mwamutulutsa asanachire.”

M'manja anali atanyamula theka la buledi.

“Agogo, ameneyo ndi wadzana. Wauma.”

“Inenso ndine wadzana, ndipo ndinauma kalekale. Mwandiponya m'bini?”

“Chonde agogo, ndili ndi alendo.”

“Ndiye bwino kwambiri, pakamwa pachuluka. Mumuduledule, mumuviike m'dzira, mukazinge pamafuta pang'ono. Alendo aziti mwaphunzira kuhotela.”

Apongozi aja anali ataima kumbuyo, manja m'chiuno, akuyang'ana mpongozi wawo ndi maso oti “ndinkanena ine.” Buledi uja anadyedwa. Anamwino sanawapatse moni a Musataye mpaka mvula inagwa.

Akazi a mwini golosale atagula firiji yaitali kuposa amuna awo, anaitana msewu wonse kuti tidzaone. Tinaiyamikira, tinaisisita, wina anafunsa ngati imalankhula. Posakhalitsa bini yawo inayamba kulemera kuposa kale. A Musataye anagogoda.

“Mayi, ndabwera kudzazonda amene ali kumochale.”

“Mochale yake iti?”

“Yoyera ija ili pabalaza. Tomato analowa wamoyo, watuluka madzi okhaokha. Kabichi analowa wobiriwira, watuluka ali ndi ndevu. Nanga nyemba zija zili m'kapoto kakumbuyo, abale ake akudziwa kuti zikadali mmenemo?”

“Mwadziwa bwanji za kapoto?”

“Firiji iliyonse ili ndi kapoto kakumbuyo. Firiji si kumwamba, mayi, zolowa mmenemo zimafabe. Zakale muziika patsogolo, zatsopano kumbuyo, ndipo kumsika muzipita mutatsegula kaye chitseko n'kuona zimene zilimo.”

Mayi aja anatupa.

“Tamverani agogo. Chakudya ndi changa, firiji ndi yanga, bini ndi yanga.”

“Zoona mayi,” anatero a Musataye akunyamula wilibala, “koma chifuwa ndi cha akazi anga.”

Amene anaona zakuda kwenikweni ndi a dalaivala a minibasi. Akazi awo ankawasungira chakudya chamadzulo m'mbale yovundikira, ndipo m'mawa ankapeza mbale ili mbee, n'kumathokoza Mulungu chifukwa cha mwamuna wokonda kuphika kwawo. Lachinayi lina a Musataye anaima pageti ndi kajumbo.

“Mayi, pepani, ndifunse nawo. Kodi bambo akudwala?”

“Ayi, ali bwinobwino. Bwanji?”

“Ndapeza ntchafu ya nkhuku, yosalumidwa n'komwe. Sabata yatha inali nsomba yathunthu. M'nyumba muno ntchafu amadya ndani?”

“Bambo.”

“Oho. Ndiye mwamuna wotaya ntchafu, koma mimba ikungotsogola, ine mayi sindinanene kanthu. Ine yanga ndi ya ntchafuyi basi.”

Tsiku limenelo tinaphunzira kuti poto amatha kuuluka kuchokera kukhitchini mpaka pageti. A dalaivala anabwera kudzameta ali ndi chotupa pachipumi, ndipo ndinachizungulira ndi makina mwaulemu, osafunsa kanthu. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Kuyambira pamenepo ankadyera pathebulo akazi awo akuonerera, mpaka kunyambita fupa. Anthu olongolola amati ankadyabe kawiri, poti malamba anayamba kuwachepera.

Zitafika apa, msewu unatopa. Tinachita msonkhano pakhonde panga, poti ndi pamene pali benchi. A Musataye anabwera osaitanidwa n'kukhala patsogolo. Aphunzitsi, munthu wofatsa, ndiwo anatilankhulira.

“Agogo, tiyeni tinene zoona. Malole amene amakhuthula paphiri paja amachokera m'tauni yonse. Misika, mahotela, masukulu. Kamsewu kathuka n'kachiyani? Mukutunga madzi ndi dengu.”

“Mwanena zoona, aphunzitsi.”

“Ndiye bwanji mukutivutitsa?”

“Misika yonse sindingaikwanitse. Kuhotela anandipumitsa. Inu ndi amene ndimakufikirani ndi miyendo yangayi.”

Tinagwirizana, iwo ali pomwepo, kuti mabini tizisunga m'mipanda mpaka timve hutala ya lole. Nzeru yabwino zedi, kungoti dalaivala wa loleyo sadikira munthu. Lachinayi lotsatira dziko linaona anthu aulemu wawo, makolo a ana, akuthamangitsa lole atasenza mabini, wina ndi thaulo m'chiuno, wina sopo ali m'khutu. A Musataye anakhala pawilibala yawo n'kumaombera m'manja amene wapambana. Sitinapitirize.

Kenako tinatulukira nzeru ina yoposa pamenepo: kutaya zotsala zathu m'bini ya mnzathu. Munthu wamkulu ndithu, kukulunga mpunga m'nyuzipepala, kuuika m'jumbo, jumboyo m'jumbo inzake, n'kumayenda chonyang'ama ngati wakuba nkhuku kupita pageti la neba. Tinaiwala kuti tikulimbana ndi munthu amene anakalambira kukhitchini.

“Aphunzitsi! Mpunga wanu unasochera, ndaupeza kwa anamwino!”

“Mwadziwa bwanji kuti ndi wathu?”

“Pansi wapserera, pamwamba sunapse. Luso limeneli m'msewu muno lili panyumba imodzi yokha.”

Nyemba zanga nazonso anazipeza kwa a dalaivala, akuti anazizindikira chifukwa cha mchere. Akazi anga sanakhululukire a Musataye, ndipo inenso sanandikhululukire chifukwa ndinaseka.

Mapeto ake tinagonja. Tinayamba kuyeza mpunga ndi kapu, kugula tomato wokwanira, kudya zadzulo tisanaphike zalero. Mlendo akanabwera akanati msewu uno ndi wa anthu okonda chilengedwe. Chilengedwe chake chiti? Anali manyazi basi. Kunali kosavuta kumaliza mbale kusiyana n'kumva mbiri yake ikulengezedwa pageti.

Zimene sizikanadyeka, monga makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba a tiyi ndi zigoba za mazira, ankazikankhira kumaenje a m'mbali mwa nyumba yawo. Ankazisakaniza ndi masamba ouma ndi dothi, n'kumazitembenuza ndi fosholo kuti zizipuma. Ankati zoola zikamapuma sizikwiya, zimasanduka manyowa. Pamanyowapo ankadzala ndiwo zamasamba, masamba ake otambalala ngati mbale. Ife amene tinkatseka mphuno wilibala ikamadutsa, ndiwozo tinkazilandira ndi manja awiri, mwinanso kugwada pang'ono. Vuto linali lakuti Lachinayi ankadzaona ngati tazidyadi.

Ndisaname, phiri silinasiye kukula. Aphunzitsi sanalakwitse. Malole ankabwerabe kuchokera kumadera kumene anthu amataya nkhuku yathunthu chifukwa chakuti yawayang'ana molakwika. Koma amayi a kumapeto ankati m'mawa wa Lachinayi amapuma bwino, ndipo amuna awo ankakhulupirira. Ine ndimaganiza kuti ankangowasangalatsa, koma ndani akanawauza?

Chaka chathachi kunatentha moti phula linkamata nsapato. Phiri linayaka kuposa zaka zonse. Utsi unakuta msewu, zovala pachingwe zinkauma zikununkha, makasitomala anga ankathawa mutu utametedwa mbali imodzi. Akuluakulu a khonsolo anabwera ndithu, tisawanamizire. Anatsika m'galimoto, anaika mipango pamphuno, analoza uku ndi uko, anati nkhaniyi akuiunika, n'kukweranso galimoto. Ndikhulupirira akuiunikabe.

A Musataye anaviika mabulangete m'madzi n'kupachika m'mawindo a chipinda cha amayi. Kenako anatenga fosholo n'kudutsa pampata wa waya. Pamene pali mng'alu wotulutsa utsi pafupi ndi mpanda, ankathirapo dothi. Akatseka apa, utsi unkatulukira apo. Ife tinkaonerera tili chapatali, monga anthu anzeru.

“Agogo, tulukaniko kumeneko! Mufa!” ndinakuwa tsiku lina.

“Aneba, mukumva chifuwa chija?”

Ndinatchera khutu. Chinkamveka.

“Ndiye ndituluke ndikakhale pati?”

Anatembenuka n'kupitiriza kuthira dothi.

Zaka zonsezi tinkadera nkhawa chifuwa cha amayi, koma chimene chinagonja ndi cha bambo. Anamwino omwe aja ndiwo anawapeza atakhala pansi pafupi ndi mpanda, akulephera kukoka mpweya, ndipo a dalaivala anatsitsa anthu m'minibasi kuti awathamangitsire kuchipatala. Ndinapita kukawazonda. Munthu wa mawu ogwedeza mageti uja ankalankhula ngati akunong'ona m'tchalitchi. Pakabati panali mbale ya mpunga ndi nyemba, yosakhudzidwa.

“Aneba, mabulangete aja mukumaviika?”

“Akazi anga akuviika m'mawa ndi madzulo, agogo.”

“Amayi akudya?”

“Akudya pang'ono.”

Anatseka maso. Ndinkati agona, koma dzanja linatuluka m'nsalu n'kuloza pakabati.

“Mbale iyo ikupita kuti?”

“Abwera adzatenga, agogo.”

“Ndikudziwa kumene akaisiye. Idyani. Pompano, ndikuona.”

Ndinadya. Mpunga wozizira, nyemba zopanda mchere, supuni ya wodwala. Ndinadya misozi ikugwera m'mbale, iwo akundiyang'anira ndi diso limodzi mpaka ndinapala pansi. Anagwedeza mutu ngati ndakhoza mayeso. Mawa lake anamwino anabwera pakhonde panga, ndipo mmene anaimira ndinadziwiratu.

Maliro ake tinawalemekeza kwambiri, monga timachitira ndi anthu amene tinkawathawa ali moyo. Aphunzitsi analankhula mawu okoma, anati wamisala anaona nkhondo, anthu n'kumavomera ndi mitu. Akazi a mwini golosale analira kuposa achibale. Ndipo tinaphika. Abale inu, tinaphika! Nyumba iliyonse inafuna ioneke kuti ndi imene inkawakonda kwambiri malemu, ndiye mapoto anandandalikana ngati tikudyetsa asilikali. Anthu anadya, anakhuta, anabalalika. Zotsala zinagona panja pakutentha paja, m'mawa zitasasa. Lachinayi mabini a msewu wathu analemera moti anyamata a lole ankanyamula awiriawiri. Lole inadutsa pageti la amayi a kumapeto, inakhota, n'kukakhuthula chakudya cha pamaliro a amuna awo kuseri kwa mpanda wawo. Amayiwo anali atakhala pakhonde. Anaona zonse.

Panopa tili pa ufulu. Lachinayi timagona mpaka dzuwa kutiwotcha. Palibe wogogoda, palibe wolengeza. Firiji ya kugolosale yayambanso kulandira maliro, a dalaivala ayambanso kuonda kunyumba n'kumanenepa kwina, ndipo buledi amafa imfa yake mwamtendere. Munthu ukhoza kutaya poto yense wa mpunga, dziko osagwedezeka. Koma m'mawa wa Lachinayi umakhala zii moti umandipweteka. Nthawi zina ndimadzuka ndekha mbandakucha, n'kukhala pabedi ngati munthu amene akudikira kukalipiridwa, koma wokalipa palibe. Ndimawasowa mkulu uja, ndipo sindichita manyazi kunena.

Amayi a kumapeto anayesa kukhala okha. Tinkawatungira madzi, tinkawaviikira mabulangete tikakumbukira. Utsi utayambanso, anakomoka kukhitchini, ndipo ulendo uno mwana wawo sanaimbe foni, anangobwera ndi galimoto. Sipanakhale kukangana. Amayi anatuluka ndi chikwama chimodzi, anakhoma chitseko, n'kuyendetsa dzanja pakhoma pang'onopang'ono, kuyambira pawindo mpaka pangodya. Mwana wawo anati nyumbayo aigulitsa. Tonse tinavomera mwaulemu, ngati kuti pali munthu angagule.

Ndinawanyamulira chikwama mpaka pagalimoto. Ndinali nditakonza mawu ambiri owatonthoza, koma iwo ndiwo anandigwira dzanja.

“Aneba, zikomo chifukwa cha zonse.”

“Pepani amayi. Tinalephera kukusungani.”

“Musadandaule, bambo anayesetsa. Ine ndiye ndapita.” Anapumira kaye, chifuwa chikulira. “Koma kamtsikana kanu kaja. Ndakhala ndikukamva pampanda kakutsokomola. Chifuwa chimene chija ndikuchidziwa, inenso chinayamba choncho. Musadikire, mukakaonetse kwa anamwino.”

Galimoto inanyamuka. Ndinaima pamsewu mpaka inakhota. Mphepo inkachokera kuphiri, ndipo m'nyumba mwanga mwana anayamba kutsokomola.